Mkuwa Sukwechedwa Ngati Poto

Ngati mwadzuka lero mtima uli pansi, khalani kaye apa ndikuuzeni za Emelda wa ku Kanyama, mu Lusaka. Ndikuchenjezeretu: kumapeto kwa nkhaniyi kulibe galimoto yatsopano, kulibenso nyumba ya mpanda. Ofuna zimenezo apite kwa anyamata a masuti aja amene amalalikira za chuma m'maholo atavala nsapato zobwereka. Ine ndili ndi mayi wamasiye, kachitsulo kamodzi ka mkuwa, ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi zitatu, dzina lake Towela, amene anatsala pang'ono kuchoka m'manja mwa amake.

Tsiku limene Emelda anafika pansi penipeni linali la mu Febuluwale 2024, patatha masabata asanu chimwalirireni mwamuna wake Whyson. Anaima pakhomo pa kanyumba kake, madzi a mvula ali m'akakolo, akazi anzake akusuzumira m'mazenera. Patsogolo pake panali Kasonde, bambo wa ku Matero wojambula mavidiyo a maukwati ndi maliro. M'dzanja lake munali kachitsulo kofiirira, kakung'anima ngati kangochoka m'sitolo.

"Bana Towela, mwachita chani?" anakuwa Kasonde. "Nani anakuuzani kuti mugwileko? Iyi si poto! Mwanipaya, mayo, mwanipaya!"

Anakaponya pansi, kachitsuloko n'kumira m'matope. Kenako analowa m'nyumba, ananyamula kompyuta yake paphewa, n'kuchoka osatsanzika.

Kuti mumvetse chimene chinamukwiyitsa, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Whyson anali wokonza makompyuta. Ntchito yake ankagwirira pa tebulo la pansi pa zenera, m'chipinda chomwecho chimene banja lonse linkagonamo. Makompyuta akuluakulu okonzera mavidiyo amatentha kwambiri, moti ena amaziziritsidwa ndi madzi. Kapampu kamayendetsa madzi m'timapaipi, madziwo n'kudutsa m'kachitsulo ka mkuwa kamene kamakhala pamwamba pa ubongo wa kompyuta n'kumayamwa kutentha. Okonza amakatcha buloko. M'kati mwa buloko muli timano topyapyala, tothinana ngati ta chipeso cha nsabwe, ndipo kunsi kwake kuyenera kukhala kosalala ngati kalilole. Pakapita nthawi mkuwawo umathimbirira, umada, timanoto timatsekeka ndi zobiriwira, kompyuta n'kuyamba kuzima yokha.

Kompyuta ya Kasonde inafika pa tebulo la Whyson ndi vuto limeneli. Awiriwa anali mabwenzi a kalekale. Whyson anaimasula Lachiwiri, n'kuika bulokoyo pambali ili bii. Lachinayi anayamba kutsekula m'mimba. Inali nthawi ya kolera ija, pamene bwalo lalikulu la mpira linasanduka chipatala. Loweruka Emelda anauzidwa pa geti kuti mwamuna wake wapita.

Maliro a kolera mukuwadziwa. Thupi silisambitsidwa ndi abale, nkhope sionedwa. Whyson anaikidwa ali m'thumba lotseka, anthu ataima kutali. Emelda sanalire bwino n'komwe, chifukwa mtima unkakana kuti m'thumbamo munalidi mwamuna wake.

Dyton, mkulu wake wa Whyson, anafika kuchokera ku Lundazi manda atakwiriridwa kale. Musaganize kuti anali mmodzi wa abale olanda katundu aja. Sanakhudze mbale, sanafunse za wailesi. Anangoima pakhomo n'kumayang'ana madzi akuda amene anazungulira nyumba, zimbudzi zitasefukira, ana akuwoloka pa njerwa.

"Mulamu," anatero, "manzi ya muno yapaya mufana wanga. Mwana wake sazafela muno. Nizabwela mvula ina ikalibe kuyamba. Nikapeza mukali mu manzi yamene aya, na nchito mulibe, Towela nipita naye ku Lundazi."

Kwawo kwa Emelda ku Katete mwana ndi wa kuchikazi. Koma amalume ake analandira ng'ombe za malowolo kuchokera ku Lundazi akumwetulira mano onse, ndipo ng'ombe zikalowa m'khola mwambo umatembenuka. Panalibe woti amuyankhulire. Dyton akanabwera, Towela akanapita, basi.

Ntchito ya Emelda inali yotsuka mapoto pa kalesitilanti ka mumsika, ndipo kanatsekedwa mliri utavuta. Pa nkhani ya mapoto, m'dera lonselo munalibe womuposa. Alangizi anamuphunzitsa asanakwatiwe kuti ulemu wa mkazi umaonekera kunsi kwa poto wake, ndipo iye anawamvera kuposa mmene iwowo ankayembekezera. Akagwira poto ndi sitiliwulu, phulusa ndi mchenga, unkatha kumetera ndevu pamenepo.

Ndiye m'mawa wina anayang'ana buloko yakuda ija pa tebulo la malemu, n'kuganiza kuti: kodi si chitsulo chakuda chabe ichi? Ndikachiwalitsa, a Kasonde atenga makina awo, anthu aona kuti ntchito ya panyumba pano sinafe, ndipo a Dyton amva. Anatenga sitiliwulu. Anatapa phulusa pa mbaula. Anakwecha ndi mphamvu zake zonse, ndi chisoni chake chonse, kunsi, m'mbali, ndi m'timano momwe. Itawala anaikulunga m'kansalu koyera n'kuimbira Kasonde monyadira.

Zotsatira zake mwaziona kale. Kunsi kwa buloko kunali mikwingwirima yokhayokha, pakati patalowa ngati mbale. Timano tambiri tinagona ngati udzu umene ng'ombe yagonapo. Inkawala, inde, koma ntchito yake inali itatha. Safunsa anadya phula.

Ine ndimakwiya anthu akamaseka mayi ameneyu. Analakwitsa pogwiritsa ntchito chinthu chokhacho chimene dziko linamuuza kuti amachidziwa. Koma Kanyama sasowa choseka. Kwa mwezi wathunthu, akamapita kukatunga madzi, ankamva kumbuyo: "Ba injiniya bapita! Bweletsani mafoni yanu bakukwecheleni!"

Tsiku lomwelo Kasonde atachoka, anthu atabwerera m'nyumba zawo, Emelda anagwada n'kupisa dzanja m'matope mpaka anaipeza buloko ija. Anaitsuka, anaiika pa tebulo, n'kukhala pansi kumaiyang'ana. Sanadziwe chimene ankaisungira. Anangoona kuti chinthu chomaliza chimene Whyson anagwira sichingagone m'madzi a chimbudzi.

Pansi pa tebulolo panali katoni imene anali asanaitsegulepo. Anaikoka. Munali mabuloko akale asanu ndi awiri, akudaakuda. Munali kamswachi ka ana kofewa, botolo la viniga, mabotolo a madzi a batire, galasi la pa zenera, masandipepa, ndi theka la ndimu louma gwa.

Ataona ndimulo analitenga m'manja. Zaka zonsezo ankakangana ndi Whyson za mandimu. Agule mandimu a pa nsomba, m'mawa asowa. Agulire Towela mswachi, wasowa. Tsiku lina anamupeza akulowa ndi madzi a batire, n'kumufunsa kuti, "Bashi Towela, olo njinga tilibe, manzi ya batili ni ya chani?" Whyson anangoseka n'kunena kuti, "Bwela unkale apa, nikulangize." Iye anayankha kuti ali ndi zochapa. Nthawi zonse ankakhala ndi zochapa.

Mphunzitsi anali naye m'nyumba zaka khumi, ndipo tsopano anayenera kuphunzira kwa katoni.

Anayamba wafunsa m'masitolo a makompyuta m'tauni. Anyamata a kumeneko anayang'ana chitenje chake ndi mapatapata, n'kumuuza kuti zinthu zimenezo sizikonzedwa, zimangogulidwa zatsopano kunja. Wina anamufunsa ngati wasochera njira ya ku msika wa nsomba za kapenta. Amene anamuyankha ngati munthu anali mkulu wina wokonza maladiyeta a galimoto m'mbali mwa msewu. Anaitembenuza buloko ija m'manja mwake akuda ndi girisi, n'kupukusa mutu.

"Mayo, mukuba ni wofewa," anatero. "Saumenya, unyengelela. Chowawasa chidye doti cheka, imwe muyembekeze. Kunsi uku ikani sandipepa pa galasi, na manzi, muyambe yokakala musilize yosalala. Osakanikiza."

Osakanikiza. Mawu amodzi okhawo anamutengera Emelda miyezi. Manja ake anali atazolowera nkhondo ya mapoto, moti akangoiwala pang'ono, phewa lonse linkalowa m'ntchito. Ankachita kudziluma mlomo kuti dzanja lipepuke.

Anaphunzirira pa mabuloko asanu ndi awiri aja, ndipo ndisakunamizeni, anayi anawaononga. Yoyamba anaisiya m'viniga tsiku lonse, poganiza kuti kuchulukitsa ndiye kuyeretsa, n'kuipeza itachita timaenje. Yachiwiri inali yokutidwa ndi chitsulo choyera pamwamba, ndipo chowawasa chinasenda chikutocho n'kusiya mawangamawanga. Pamenepo anadziwa kuti ndimu ndi la mkuwa wosakutidwa wokha. Pa yachitatu anapukuta chivundikiro chake cha pulasitiki ndi sipiriti, chinang'aluka iye akuona. Yachinayi anakoka kamphira kotsekera madzi ndi foloko, kanaduka. Buloko iliyonse ikaonongeka ankamva ngati waikanso maliro.

Chakudya ankachipeza pochapira anthu zovala. Ankachoka m'mawa, kubwera masana manja atang'ambika ndi sopo, ndiye n'kuwalowetsa m'madzi a ndimu. Amene munadzichekapo chala n'kugwira ndimu mukudziwa nyimbo imene ankaimba.

Towela anali mwana wosalankhulalankhula, ndipo chimwalirireni atate ake anangoti zii. Tsiku lina mu Juni, Emelda akusesa, anapeza pepala la pulasitiki kuseri kwa matilesi. Munali madiresi awiri a mwanayo, yunifomu yakale, ndi chipewa cha Whyson, zonse zopindidwa bwinobwino.

"Towela, ivi ni vichani?"

"Napakila kudala, mami," anayankha mwanayo. "Kuti batata bakulu bakabwela musavutike."

Emelda anatuluka panja n'kukaima kuseri kwa nyumba. Mwana wake yemwe anali ataona kale kuti amake alephera. Ndikuuzeni zoona, sabata imeneyo sanakhudze tebulo lija. Anaganiza zokagulitsa mabuloko onse kwa ogula zitsulo zakutha, n'kusiya zamisalazi. Anafika mpaka powaika m'thumba.

Chimene chinamubweza chinali ketulo. Akuitsuka anaona chikhakha choyera chimene chimamera m'kati mwake mwezi uliwonse, chimene mkazi aliyense wa ku Kanyama amachidziwa, pakuti dera lonselo lakhala pa mwala wa laimu ndipo madzi ake amatuluka nawo. Anathamangira m'nyumba, anatsegula buloko imodzi yakale, n'kukanda pakati pa timano ndi singano. Pansi pa zobiriwira panali chikhakha chomwecho. Tsopano anamvetsa za madzi a batire. Si asidi ayi, ndi madzi otchezedwa, opanda mchere, opanda laimu. Eni makompyuta ankati madzi akachepa n'kumathiramo a pa mpopi, osadziwa kuti akuphika ketulo m'kati mwa makina awo.

Chimenechi sanauzidwe ndi munthu. Anachipeza yekha, ndi maso a mkazi wotsuka ziwiya, ndipo anakhuthula thumba lija n'kubwezera zonse pa tebulo.

Buloko yachisanu inayera bwino. Anaimasula, anaika mphira ndi pulasitiki padera, mkuwa wokha n'kuuviika m'madzi a ndimu kwa kanthawi kochepa. Anatsuka ndi kamswachi motsata timano, osati mopingasa. Anatsukuluza ndi madzi a batire katatu, n'kuumitsa. Sinang'anime ngati poto. Inangokhala yofiirira mofatsa, koma ataiyang'anitsa padzuwa, kuwala kunkadutsa pakati pa timano tonse.

Kenako anatenga ya Kasonde, imene anaiononga ndi manja ake. Timano togona tija anatidzutsa kamodzikamodzi ndi lezala, tiwiri kapena titatu pa tsiku, chifukwa ukafulumira kamathyoka. Kunsi anapaka inki ya cholembera, n'kumayendetsa bulokoyo pa sandipepa yonyowa pamwamba pa galasi. Pamene inki yatsala ndiye kuti mpolowa. Mu Julayi inki inkatsala pakati ponse. Mu Ogasiti inatsala ngati kandalama kachitsulo. Chakumapeto kwa Seputembala inachoka yonse, ndipo Emelda anaona diso lake lomwe likumuyang'ana mu mkuwamo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, akuluakulu sananame.

Anapita nayo ku Matero katatu. Katatu konse Kasonde anakana ngakhale kutsegula kansaluko. "Bana Towela, nilekeni," ankatero. "Nikamuonani nikumbuka vinthu vibili, ndipo vonse vibaba."

Okutobala anafika ndi dzuwa lake. Chaka chimenecho mvula inali italekeza panjira, madamu anaphwa, ndipo magetsi ankabwera maola atatu okha pa tsiku. Kasonde anali ataika fani wamba pa kompyuta yake m'malo mwa buloko. M'nyengo yozizira inkapirira, koma tsopano inkangogwira ntchito mphindi makumi awiri n'kuzima. Mavidiyo a maukwati anaunjikana, akwati ena mpaka anayamba kuoneka mimba vidiyo yawo isanatuluke.

Lachitatu lina m'mawa, mitambo itayamba kusonkhana chakumpoto, Dyton anagogoda pakhomo pa Emelda. Towela atangomuona anapereka moni mwaulemu, n'kulowa kukatenga pepala lake la pulasitiki.

"Bamulamu," anatero Emelda atagwada, "basi ya ku Lundazi ni ya mailo. Nipempako lelo chabe. Tiyeni muone na menso yanu. Mukaona kuti ni vamasobela, mwana nizamupelekeza neka ku siteshoni."

Dyton anayang'ana tebulo, mandimu, mabotolo. Sanakhulupirire, koma anali munthu wachilungamo. Anakwera minibasi onse atatu, Towela atakumbatira pepala lake.

Anamupeza Kasonde atakhala panja pa kashopu kake, manja ali m'mutu. Ulendo uno Emelda sanapemphe. Anatsegula kansalu n'kumuikira bulokoyo pa bondo. Kasonde anaitembenuza, anaiyang'anitsa padzuwa, n'kuyendetsa chikhadabo kunsi kwake.

"Iyi ni ija?"

"Ni yamene ija munataya mu matika. Ndipo ba Kasonde, sindine neka ninaiononga. Imwe munali kuikamo manzi ya pa pompi."

Kasonde anaimirira, bulokoyo ili m'manja. "Malaiti yabwela leveni, yayenda fotini awazi," anatero. "Ngenani."

Emelda anayala zida zake pa tebulo. Mkuwa ukakhala pamphepo umathimbiriranso pang'ono, choncho anadula ndimu, anafinyira m'kambale, n'kuitsuka komaliza. Dyton anakhala pa benchi akuyang'ana mmene mlamu wake ankagwirira kamswachi ndi zala zitatu zokha, kachala kakang'ono kali m'mwamba, mutu utapendekera kumanzere. Anatsukuluza timapaipi ndi kaladiyeta ka kompyutayo mpaka madzi obiriwira anasiya kutuluka. Anabwezera mphira, anamanga zomangira mopingasana, n'kudzaza madzi a batire. Pomaliza anakulunga tishu pa mfundo iliyonse ya paipi.

Magetsi anabwera. Kasonde analumphira pa batani.

"Awe!" anatero Emelda, atamugwira dzanja. "Pampu yeka poyamba. Hafu awa. Tione ngati idonta."

"Hafu awa? Mayo, nili na maawa yatatu chabe! Ba Dyton, kambani nabo!"

Dyton anangoyang'ana tishu zija. Emelda ankadziwa kuti mphindi iliyonse imene ikudutsa ikumudyera mpata woonetsa ntchito yake magetsi asanapite. Mtima unkamuuza kuti angoyatsa, mwina zikhala bwino. Koma anali ataphunzira kale mtengo wa kufulumira, ndipo anaima pakati pa Kasonde ndi batanilo.

Kapampu kanalira pansipansi. Mphindi khumi, tishu youma. Mphindi makumi awiri, tishu ya pansi pa buloko inayamba kuda pakona. Dontho limodzi. Kasonde anatukwana m'Chibemba. Dyton anaweramitsa mutu, Towela n'kufinya pepala lake pachifuwa.

Emelda anazimitsa pampu, anakhuthula madzi, anamasula. Kamphira kanali katapinikizika pakona imodzi. Anakakhazika bwino ndi chala chonyowa, anamanganso, anadzazanso, n'kunena kuti ayambirenso kudikira. Ulendo uno Kasonde sanatsutse. Ankadziwa kuti dontho lija likanagwera m'makina oyaka, kompyuta yonse ikanapsa pamodzi ndi maukwati a anthu.

Tishu inakhala youma. Emelda anapaka kaphala kotuwa kamene kamalumikiza buloko ndi ubongo wa kompyuta, anamanga, n'kugwedeza mutu. Kasonde anayatsa, n'kuipatsa ntchito yolemetsa, vidiyo ya ukwati wonse. Pakona pa sikirini panali nambala yoonetsa kutentha. Anafotokozera Dyton kuti ikafika pa 95 makina amazima.

Nambala inakwera. 48. 55. 61. M'kashopumo munali ngati mu uvuni, thukuta likutsika m'misana. 64. Emelda anatseka maso. Atatsegula inali pa 64 pomwepo. Patapita mphindi makumi awiri inali pa 65, kenako inabwerera pa 64, ndipo sinasunthenso mpaka vidiyo inatha.

Kasonde sanakuwe, sanaombe m'manja. Anayang'ana wotchi, n'kuona kuti kwatsala mphindi zochepa. "Pali chinthu sininatsegulepo kuchokela Januwale," anatero motsitsa mawu. "Ninamukopa vidiyo Whyson kuti timupangile ka adivati. Sitinasilize."

Anadina. Pa sikirini panaoneka tebulo la pansi pa zenera lija, ndipo pa tebulopo panali Whyson, wamoyo, atavala chipewa chake. Ankadula ndimu. Anayang'ana kamera n'kuseka. "Osauza bamake Towela," anatero, "ni ya pa nsomba iyi." Kenako anatenga kamswachi ndi zala zitatu, kachala kakang'ono kali m'mwamba, mutu n'kupendekera kumanzere.

"Dadi!" anakuwa Towela, pepala lija n'kugwa pansi.

Dyton anaimirira osadziwa kuti waimirira. Nkhope imene anakanizidwa kuiona pamanda inali patsogolo pake. Anatambasula dzanja ngati akufuna kuigwira, ndipo nthawi yomweyo magetsi anapita. Sikirini inada.

Pamenepo m'pamene Emelda analira maliro a mwamuna wake. Analira mokweza, atakhala pansi pa simenti ya shopu ya eni, kulira kumene kunakanika mu Januwale. Analirira mandimu, analirira tsiku lija anati ali ndi zochapa. Kasonde anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Anthu odutsa anaima pakhomo kufunsa kuti wamwalira ndani.

Patapita nthawi Dyton anapukuta kumaso ndi chipewa. "Mulamu, anakuphunzitsani liti?"

"Sananiphunzise. Ninakana."

Dyton anayang'ana manja a Emelda ong'ambikawo. "Koma manja ni yamene yaja," anatero.

Kasonde ananena kuti pakona pa shopu pali malo a tebulo limodzi, ndipo anzake ojambula a ku Chawama ndi ku Kalingalinga onse akulira ndi makina otentha. Dyton anawerama, anatola pepala la pulasitiki lija, n'kulipereka kwa Emelda, osati kwa mwana.

"Mvula ikalibe kugwa muchokemo mu manzi muja," anatero. "Iyo yeka sinizasintha. Mwana ankale na amake."

M'mawa mwake anakwera basi yekha.

Emelda anasamukira m'kachipinda ka ku Matero, pamalo okwera, mvula yoyamba itatsala masiku anayi. Musaganize kuti analemera. Makompyuta a madzi mu Lusaka si ambiri, ndipo masabata ena amachapabe zovala za anthu. Whyson sanabwerere. Towela anakhala miyezi iwiri osamasula pepala lake, kuopa kuti akuluakulu angasinthe maganizo, ndipo mpaka lero amake akamva fungo la ndimu amayamba akhala kaye chete. Koma m'mawa uliwonse pali mwana amene amadzutsidwa ndi mayi ake omubala, n'kumangidwa tsitsi ndi manja onunkhira mkuwa.

Tsono inu amene mukuwerenga, mwina simunagwetsedwe ndi adani kapena afiti. Mwina munaononga nokha, ndi manja anu, mukuyesa kuchita zabwino, ndipo anthu anaona n'kuseka. Ululu umenewo ndi woipa kuposa wina uliwonse, chifukwa palibe woti mumuloze chala. Ine sindikulonjezani kuti zonse zidzabwerera, pakuti zina zikapita zapita. Ndikungoti chimene chinaponyedwa pamapazi panu musachisiye m'matope. Gwadani, pisani dzanja, chitoleni. Funsani amene akudziwa akadali ndi moyo. Pepukitsani dzanja, dzutsani kamodzikamodzi, ndipo dontho likaoneka, masulani muyambirenso.

Pali wina amene walongedza kale katundu wake chifukwa akuganiza kuti mwagonja. Musamulole anyamuke. Osataya mtima.